Chimangirizo chozukuta chikakanika: kufufuza vuto pa cholinga cha mlembi ndi awerengi ake

Aphunzitsi amene amachonga zimangirizo zozukuta, kaya ku Fomu 4 kaya m'chaka choyamba cha kukoleji, amalemba ndemanga zomwezomwezo m'mbali mwa mapepala chaka ndi chaka: "Mwangobwereza nkhani." "Umboni uli kuti?" "Analembera yani?" Wophunzira anawerenga ndithu, chiyankhulo chake n'chosalala, koma malikisi akungokakamira pakati. Mukalondola bwino mupeza kuti vutolo linalowa chimangirizo chisanayambe n'komwe kulembedwa, pa nthawi yokonza dongosolo, pomwe mafunso awiri anayankhidwa mothamanga: mlembiyu ankafuna chiyani, nanga ankayankhula ndi yani?

M'munsimu pezani chizindikiro chofanana ndi chimene chili pa pepala lanu, ndipo muyambe ndi choyambitsa cha pamwamba poti ndicho chimapezeka kawirikawiri. Zitsanzo zambiri ndazitenga m'makalata awiri. Yoyamba ndi imene John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, patapita miyezi iwiri asilikali achikuda atafa pomenyana ndi Ajeremani ku Karonga pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Boma la atsamunda linaletsa kuti kalatayo isafalitsidwe. Yachiwiri ndi ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti. Njira zake zigwiranso ntchito pa ndakatulo, nkhani yaifupi kapena ndemanga ya mkonzi.

## Chizindikiro 1: Cholinga chimene mwalemba chingakwane pa nkhani ina iliyonse

Chimaoneka chonchi: "Cholinga cha mlembi ndi kudziwitsa, kuphunzitsa ndi kusangalatsa anthu."

1. Mwangotsanula zimene munaloweza. Mawu atatuwa ankathandiza m'makalasi a m'munsi, koma pano sakugulirani malikisi.

Kuyesa: fufutani dzina la mlembi, mulembepo la wina. Ngati chiganizocho chikadali choona pa Chilembwe, pa maepiskopi, ngakhalenso pa munthu wolemba uthenga wa maliro wopita ku wailesi, ndiye kuti sichikunena kanthu.

Kukonza: chiganizo cha cholinga chikhale ndi zinthu zitatu izi.
- Munthu kapena gulu limene mlembi akulifuna.
- Chimene akufuna kuti gululo lichite, lileke, kapena liyambe kuchiona mwina.
- Chimene chinamukakamiza kulemba pa nthawi imeneyo osati chaka chapitacho.

Mwachitsanzo: "Chilembwe akufuna kuti boma la atsamunda ndi azungu okhala mu Nyasaland aone kupanda chilungamo kotumiza anthu akuda kukafa pa nkhondo ya ku Ulaya, pomwe pa nthawi ya mtendere anthu omwewo sawerengeredwa. Akulemba tsopano chifukwa magazi akhetsedwa kale ku Karonga." Chiganizo chotere munthu atha kuchitsutsa, ndipo ndicho chimene wochonga akufuna, chifukwa chimafunika umboni.

2. Mwasokoneza mutu ndi cholinga. "Kuipa kwa nkhondo" ndi mutu. "Umphawi ndi ufulu wa anthu" ndi mutu. Yang'anani mneni m'chiganizo chanu. Ngati mneniyo ndi "akukamba za" kapena "akufotokoza za", mwaima pa mutu. Sakani mneni wosonyeza kuti pali wina amene akuchitidwa kanthu: akuchenjeza, akudandaulira, akuchititsa manyazi, akulimbitsa mtima, akudziteteza, akupempha.

3. Mwadalira chidule cha m'manotsi. Chidule chimasunga nkhani n'kutaya kamvekedwe ka mawu, pomwe cholinga nthawi zambiri chimabisala m'kamvekedweko. Bwererani ku nkhani yeniyeniyo, muwerenge mokweza ndime yoyamba ndi yomaliza.

## Chizindikiro 2: Mwalemba kuti "analembera aliyense"

Ili ndiye vuto lalikulu pa onse, ndipo ndikhalitsapo. Palibe mlembi amene amalembera aliyense. Ngakhale amene amanena choncho amakhala atasankha kale chiyankhulo, ndipo posankha chiyankhulo wasiya anthu ena kunja.

1. Simunafunse komwe nkhaniyo inayenera kutulukira koyamba. Inu mwaipeza m'buku la sukulu kapena pa foni, koma sikomwe inabadwira.

Kuyesa: musanalembe dongosolo, yankhani mafunso awa pa pepala lapadera.
- Inalembedwa m'chiyankhulo chanji, ndipo ndani ankachiwerenga pa nthawiyo?
- Inapita kuti: m'nyuzipepala, pa guwa, pa wailesi, m'buku logulitsa?
- Inali yoti munthu awerenge yekha chamumtima, kapena yoti amve wina akuwerenga pagulu?
- Ndani akanatha kuigula kapena kuipeza?

Tayesani pa makalata athu awiri muone kusiyana kwake. Chilembwe analemba m'Chingerezi, kupita ku nyuzipepala imene awerengi ake anali azungu a m'maesiteti, a m'masitolo, a m'maofesi a boma ndi amishoni. Msilikali wa ku Karonga kapena mtengatenga wosenza katundu wa nkhondo sakanaiona n'komwe. Choncho Chilembwe akuyankhula m'malo mwa anthu ake, koma amene akuwayang'ana m'maso ndi azungu. Wophunzira amene walemba kuti "Chilembwe ankafuna kudzutsa Amalawi anzake ndi kalatayi" wasemphana ndi adiresi ya kalatayo. Maepiskopi a 1992 anachita zosiyana. Kalata yawo inasindikizidwa ku Balaka m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, ndipo inawerengedwa mokweza pa Misa tsiku limodzi m'dziko lonse. Agogo osadziwa kuwerenga anaimva ndi makutu awo, limodzi ndi mphunzitsi ndi wapolisi amene anakhala nawo pa benchi imodzi. Mfundo imeneyi payokha ikukwana ndime yathunthu m'chimangirizo chanu.

2. Simunalondole mawu oti "ife", "inu" ndi "iwo". Tengani pensulo, muzunguze mlowam'malo aliyense wa mtunduwu, ndipo m'mbali mulembe amene akuimiridwa. "Ife" wa Chilembwe ndi anthu akuda a mu Nyasaland, ndipo wowerenga wake sali m'gululo. "Ife" wa maepiskopi amasinthasintha: pena ndi maepiskopiwo, pena ndi Akhristu onse, pena ndi mtundu wonse wa Amalawi. Pomwe "ife" wakula kapena wachepa, mlembi akuchitapo kanthu, ndipo m'pofunika kuimapo.

3. Simunaone zimene mlembi sakuvutika kuzifotokoza. Chimene mlembi wangochitchula n'kupitirira ndi chimene akudziwa kuti awerengi ake akuchidziwa kale. Chimene akuchitafuna pang'onopang'ono ndi chimene akuganiza kuti n'chachilendo kwa iwo, kapena kuti achikana. Lembani mindandanda iwiri, wa zongotchula ndi wa zotambasula. Nkhope ya wowerenga iyamba kuoneka.

4. Mwadziika nokha pa mpando wa wowerenga woyamba. Inu mukuwerenga Chilembwe nkhope yake ili pa ndalama m'thumba mwanu, ndiponso pa 15 Januwale simupita kusukulu chifukwa cha iye. Mzungu wa ku esiteti mu 1914 ankaona m'busa wa mpingo waung'ono wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, amene ankamukayikira kale. Mukafuna kunena za mmene nkhani ikumvekera lero, nenani, koma m'ndime yakeyake.

## Chizindikiro 3: Awerengi mwawapeza, koma ndime zina sizikugwirizana nawo

Dongosolo likuyenda bwino mpaka mwafika pa ndime imene ikukana kulowa. Ophunzira ambiri amangoidumpha. Musatero, chifukwa nthawi zambiri mfundo yopatsa malikisi ili pomwepo.

1. Pali womvera wachiwiri amene sanatchulidwe. Kalata ya 1992 ikulonjera Akhristu, koma ikufika pa nkhani za kutsekera anthu m'ndende popanda kuwazenga mlandu, za kuyendetsa makhoti mwachilungamo, ndi za kuopseza anthu oyankhula maganizo awo. Mayi wa mu limana la kumudzi sangatsegule chitseko cha ndende ya Mikuyu.

Kuyesa: pa dandaulo lililonse funsani kuti, ndani ali ndi mphamvu yosintha chimenechi? Ngati yankho si munthu amene walonjeredwa pamwamba, mwapeza womvera wachiwiri. Pano ndi boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo linamvadi: linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anaitanidwa kupolisi, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko.

Kukonza: m'dongosolo lanu muike awerengi awiri, wotchulidwa ndi womvetsera chapambali, kenako muonetse mmene chiganizo chimodzi chikugwirira ntchito ziwiri. Maepiskopi akayamikira zimene boma lachita pa maphunziro asanatchule zoperewera, kwa Mkhristu zikumveka ngati chilungamo cha abusa, pomwe kwa boma akutseka pakamwa aliyense wofuna kunena kuti awa ndi adani chabe. Ine ndimaona kuti chimangirizo chimene chagwira mfundo ngati imeneyi chaposa kale zinzake zambiri, ngakhale chitakhala ndi zolakwika zina.

2. Mlembi ankazimbaitsa dala poopa olamula. Kuyambira 1968 Malawi inali ndi lamulo lopatsa bungwe la boma mphamvu younika ndi kuletsa mabuku, ndipo alakatuli ambiri a ku Chancellor College anaphunzira kubisa mawu m'nthano, m'nyama ndi m'miyambi. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuchokera 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, zomwe zikusonyeza kuti kuzimbaitsako sikunali masewera. Zolemba za nyengo yotere zimakhala ndi wowerenga amene akuyenera kumva, ndi wina amene akuyenera kudutsa osamva.

Chenjezo: apa m'posavuta kupitirira muyeso. Si nyama iliyonse m'ndakatulo ya m'ma 1970 imene ikuimira nduna. Musanene kuti chakuti chikuimira wakuti pokhapokha mutapeza zizindikiro ziwiri kapena zitatu m'ndakatulo momwemo zoloza kumodzi.

3. Mwapatsidwa chidutswa chabe. Buku la sukulu limadula nkhani kuti ikwane pa tsamba. Onani ngati pali timadontho titatu kapena mawu oti "gawo la". Ngati alipo, sakani yathunthu.

## Chizindikiro 4: Wochonga walemba kuti "Umboni uli kuti?" pafupi ndi cholinga chanu

1. Mwatenga zimene zinachitika pambuyo n'kuzisandutsa cholinga. Poti tikudziwa kuti Chilembwe anaukira pa 23 Januwale 1915, timathamangira kunena kuti kalata ya mu Novembala inali kulengeza nkhondo. Poti tikudziwa kuti pa 14 Juni 1993 kunachitika riferendamu, timalemba kuti maepiskopi analemba kalata yoitanitsa riferendamu.

Kuyesa: ikani madeti pamzere, kenako funsani kuti mlembi ankadziwa chiyani tsiku limene ankalemba. Mukatero werenganinso mathero a nkhaniyo. Kalata ya Chilembwe, ngakhale ili ndi mawu owawa, ikutha ndi kusiya nkhaniyo m'manja mwa boma kuti liiganizire, ndi chiyembekezo choti tsiku lina chilungamo chidzaoneka. Ameneyo ndi munthu amene akugogodabe pakhomo. Kalata ya maepiskopi nayo sikutchula riferendamu.

Kukonza: gawani pepala m'mizati itatu. Woyamba, zimene zili m'nkhanimo. Wachiwiri, zimene zinkachitika pa nthawi yolemba. Wachitatu, zimene zinadza pambuyo. Cholinga chimangidwe ndi mizati iwiri yoyamba yokha. Wachitatu ndi wa ndime yokamba zotsatira, ndipo kusiyana kwa chimene mlembi anapempha ndi chimene chinachitika ndi nkhani yokoma kuizukuta payokha.

2. Mbiri ya mlembi yaphimba zimene analemba. Mwadzaza tsamba ndi zoti Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg, koma simunagwire mawu amodzi a m'kalatamo. Mfundo ya mbiri ilowe pokhapokha ikumasulira chinthu chimene chili pa tsamba. Ikapanda kutero, ichotseni, ngakhale munavutika kuipeza.

3. Mwamupatsa mlembi maganizo anu. Zimachitika kwambiri pa nkhani za ndale ndi za chipembedzo. Dzifunseni: munthu wa chipani china kapena mpingo wina, atawerenga mawu omwewa, angavomereze kuti mlembi akunenadi zimenezi? Ngati yankho likudalira kuti akhale wa mbali yanu, umboni wanu ndi wofooka.

## Chizindikiro 5: Mwalemba kuti "mlembi akuti" pomwe woyankhula ndi wina

Ili n'losavuta kukonza.

- Mwasokoneza mlembi ndi woyankhula. M'ndakatulo kapena nkhani yopeka, "ine" si mlembi. Chidakwa chikamadzitama m'ndakatulo, mwina mlakatuli akufuna kuti muchiseke. Lembani kuti "woyankhula akuti", kenako mufunse chifukwa chimene mlembi wamupatsira mpata woyankhula.
- Mwamva mawu okuluwika ngati achindunji. Chilembwe akanena kuti olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda ndiwo apite akawomberedwe, sakupereka ndondomeko yolembera asilikali. Akufuna wowerenga wake, amene ali m'gulu lomwelo, alawe kwa kamphindi zimene akulamula ena.
- Mlembi akutchula mfundo ya otsutsa kuti aigwetse. Yang'anani mawu ngati "ena amati", "koma", "komabe" musanagwire chiganizo.

## Chizindikiro 6: Cholinga ndi awerengi zili m'mawu oyamba, kenako zasowa

Ndime yoyamba ndi yabwino. Kuyambira yachiwiri mwayamba "kenako mlembi akuti... kenako akutinso..." mpaka kumapeto.

1. Dongosolo lanu likutsatira ndondomeko ya nkhaniyo, osati ya mfundo zanu. Yang'anani timitu ta m'dongosolo. Ngati tikuti "ndime 1, ndime 2, ndime 3 ya kalata", mubwereza nkhani basi, ngakhale musafune.

Kukonza: kamutu kalikonse kakhale chinthu chimodzi chimene mlembi anasankha kuchita, pamodzi ndi chifukwa chake chinali choyenera, kapena chosayenera, kwa awerengi amenewo. Dongosolo la kalata ya Chilembwe litha kuoneka motere:
- Akutsindika kukhulupirika kwa anthu akuda ku boma, poti awerengi ake akuyembekeza woukira ndipo akufuna kuwalanda chifukwa chosiyira kuwerenga.
- Akuika nthawi ya mtendere pafupi ndi nthawi ya nkhondo, kuti mzungu aone yekha kuti kufanana kumakumbukiridwa pokhapokha pakafunika magazi.
- Akutchula amasiye ndi ana otsala, poti awerengi ake amadzitcha Akhristu.
- Akutha ndi pempho osati chiopsezo, chifukwa akulembera anthu amene ali ndi mfuti ndi ndende.

Pansi pa kamutu kalikonse lembani mawu enieni amene mudzagwire. Kamutu kosowa mawu ogwira kachotsedwe pompano, kasanadye theka la tsamba.

2. Mwaiwala wowerenga wanu. Inunso muli ndi wolembera, ndipo ndi mphunzitsi amene nkhaniyo waiwerenga kambirimbiri. Safuna kuuzidwa zimene zinachitika. Chidule chisapose ziganizo zitatu kapena zinayi.

3. Mukuopa kugamula. Chimangirizo chozukuta chimafuna chigamulo: kodi njira za mlembi zinali zoyenera kwa anthu amene ankawafuna? "Kalatayi ndi yabwino kwambiri" si chigamulo. Yezani nkhaniyo ndi cholinga chake chomwe. Mutha kunena kuti mfundo za Chilembwe zinali zolimba, koma anasankha njira imene adani ake anali ndi mphamvu yoitseka, ndipo anaitsekadi. Wina atha kutsutsa kuti njira ina panalibe. Zonsezi n'zololedwa malinga zikhale ndi umboni.

## Pomwe muyenera kuima n'kukafunsa odziwa

Mavuto ena simungawathetse pongowerenganso. Lekani kulemba mukaona izi:

- Simukutsimikiza kuti mawu amene muli nawo ndi enieni. Mawu a anthu otchuka oyenda pa WhatsApp ndi Facebook amakhala odulidwa, osinthidwa, ena opekedwa kumene. Mapulogalamu a pa intaneti oyankha mafunso nawonso amatha kupeka mawu n'kuwapachika pa munthu. Pitani kwa woyang'anira laibulale ya pasukulu panu. Pa zolemba zakale za dziko lino kuli National Archives ku Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mu Blantyre.
- Funso lenilenilo simukulimva. Ngati simukudziwa kuti akufuna muzukute cholinga, kalembedwe kapena zonse, funsani mphunzitsi sabata yoyamba. Usiku woti mawa mupereka, palibe angakuthandizeni.
- Mfundo yanu yatsamira pa kamvekedwe ka mawu, koma mukuwerenga zomasuliridwa. Pezani nkhaniyo m'chiyankhulo chimene inalembedwera, kapena munthu wochidziwa bwino aione nanu.
- Mukufuna kunena kuti mlembi amene ali moyo analipidwa, ananama dala kapena ankatumikira wina mobisa. Apa mwachoka pa kuzukuta, mwalowa pa kuneneza munthu. Musalembe, makamaka pa intaneti, musanaonetse wokuyang'anirani.
- Mukufuna kukafunsa anthu amene anaona zochitikazo, monga amene anali m'tchalitchi tsiku lija mu 1992. Makoleji ali ndi malamulo a kafukufuku wokhudza anthu, ndipo chilolezo chimatengedwa musanapite, osati mutabwerako.
- Ndemanga yomweyo yabwera pa asaimenti ziwiri zotsatizana ngakhale munayesa kukonza.

Munthu wolemba zimangirizo pa ndalama sali m'gulu la odziwa amene ndikunena pano. Kupereka ntchito ya wina ngati yanu ndi mlandu pasukulu iliyonse, ndipo m'chipinda cha mayeso mudzakhala nokha.

Popita kwa mphunzitsi musapite chimanjamanja n'kukanena kuti "sindikumva chilichonse". Tengani nkhaniyo mutaizunguza ndi pensulo, chiganizo chanu chimodzi cha cholinga, mayina a awerengi amene mwawapeza, pepala la mizati itatu lija, ndi ndime imene yakana kulowa m'dongosolo. Muyambe kufunsa za ndime yokanayo.